Firewall yafera pakati pa upgrade: pulumutsani config.xml kaye, zinazo muikenso

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ya gulu la alimi a tiyi kufupi ndi Chitakale, ku Mulanje. Firewall yathu, mlonda wa pakati pa netiweki ya ofesi ndi intaneti, ndi kompyuta yakale ya patebulo yokhala ndi pulogalamu ya pfSense 2.4.5. Anatiikira munthu wina mu 2020 ndipo anachoka kalekale, palibe anaigwiraponso. Lachisanu masana ndinati ndipange upgrade. Poyamba inkakana, ikulemba kuti Unable to check for updates. Ndinasintha Branch, posankhira mtundu wa pfSense woti ikwezedweko, ndipo inayamba. Itazima n'kuyakanso yokha, magetsi anathima, ndiye UPS yathu siisunganso moto. Panopa imayaka koma tsamba lake silitseguka, intaneti palibe, ndipo pa sikirini pakubwera mawu akuti Shared object "libssl.so.111" not found. Bakapu sindikudziwa ngati ilipo. Pakadali pano ndalumikiza rauta ya kampani ya intaneti molunjika ku switch kuti anthu azigwirabe ntchito. Nditani?

Yankho: Achimwene, pepani ndi zomwe zakugwerani. Tisanapite patali, pali zinthu ziwiri zoti musachite lero. Musaipange format disiki ya kompyutayo, ndipo menyu ya pfSense ikaoneka pa sikirini musasankhe nambala 4, ija imabwezera zonse momwe zinalili pa tsiku loyamba. Anthu ambiri akatopa amathamangira kumeneko, n'kufafaniza ndi manja awo chinthu chokhacho chomwe chikanawapulumutsa.

Chinthucho ndi fayilo yotchedwa config.xml. Zonse zomwe mnzathu uja anakonza mu 2020 zili m'menemo: malamulo a zomwe zimaloledwa kulowa ndi kutuluka, manambala a IP a maprinta, dzina ndi pasiwedi yolumikizira ku kampani ya intaneti, makiyi a VPN (njira yobisika yolumikizira ku ofesi muli kutali) ngati alipo. Pulogalamu ya pfSense ndi yaulere, mutha kuitenganso tsiku lililonse. Kompyuta nayo ikafa mutha kukapeza ina ku Limbe. Koma fayilo imeneyi palibe sitolo yomwe ingakugulitseni. Ndiye ntchito yanu yoyamba si kukonza firewall ayi, ndi kutulutsa fayiloyi iikidwe pa flashi.

Tengani flashi yomwe ili mu FAT32, mulumikize kiyibodi ndi sikirini ku firewall, muiyatse. Menyu ikabwera sankhani nambala 8, yomwe imakupatsani shell, malo olembapo malamulo. Manambala ena ambiri a pa menyuyo amadalira pulogalamu ya PHP, ndiye mwina azikana chifukwa PHP yanu yasokonekera, koma nambala 8 nthawi zambiri imatseguka. Lembani kuti `ls -l /cf/conf/` muone ngati config.xml ilipo, komanso kuti kukula kwake si 0. Muonanso foda ya backup momwemo. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwa inu amene mukuti bakapu simukuidziwa: pfSense imasunga yokha makope akale a zokonza zanu, mpaka 30 ngati munthu sanasinthe chiwerengerocho. Tsopano lowetsani flashi. Pa sikirini padutsa mizere yotchula dzina lomwe yapatsidwa, kawirikawiri da0. Kenako lembani izi, mzere umodzi panthawi:

`mount -t msdosfs /dev/da0s1 /mnt`
`cp /cf/conf/config.xml /mnt/`
`cp -R /cf/conf/backup /mnt/`
`umount /mnt`

Ikakana da0s1, lembani `ls /dev/da*` muone dzina lenileni, mwina ndi da0p1. Musazule flashi musanalembe umount. Mukatero, kaitseguleni fayiloyo pa laputopu ndi Notepad, mutsike mpaka pansi penipeni. Mzere womaliza uyenera kukhala `</pfsense>`. Ngati fayilo yathera panjira, pakati pa mawu, ndiye kuti magetsi anaidula ikulembedwa. Musade nkhawa, tengani kope la mu foda ya backup lomwe lili ndi deti lisanafike Lachisanu lija. Ndipotu ine ndingasankhe kope limenelo ngakhale config.xml ikuoneka yabwino, chifukwa ndi lomwe tikudziwa kuti linkagwira ntchito.

Ngati menyu siikufika n'komwe, zimitsani n'kuyatsanso, ndipo pa sikirini yoyambirira ija, yowerenga masekondi, dinani 2 kuti mulowe mu single user. Ikafunsa za shell ingodinani Enter. Makina a 2020 ambiri anaikidwa pa UFS, njira yosanjira mafayilo pa disiki, ndipo UFS imavulala msanga magetsi akathima mwadzidzidzi. Lembani `fsck -y /` ndipo ikamaliza mubwereze, kangapo ndithu, ngakhale itanena kuti zonse zili bwino, chifukwa ulendo woyamba siipeza zolakwika zonse. Kenako chitani zokopera zija.

Chenjezo limodzi pa fayiloyi. Ili ndi zinsinsi za ofesi yanu, zina zolembedwa moti aliyense atha kuwerenga. Musaiponye pa gulu la WhatsApp popempha thandizo, ndipo ngakhale ine musanditumizire. Ikhale pa flashi ndi pa kompyuta imodzi yodalirika.

Zoti mwalumikiza rauta molunjika ku switch sindikukudzudzulani nazo, ofesi iyenera kuyenda. Marauta otere amatsekabe zambiri zochokera kunja chifukwa cha NAT. Koma lowani m'tsamba lake lero lomwe, musinthe pasiwedi ngati ikadali ija yolembedwa pa sitika kunsi kwake, muzimitse UPnP (yomwe imalola zipangizo kudzitsegulira makomo zokha), mutsekenso mwayi woiyendetsa munthu ali kunja kwa ofesi. Dziwaninso kuti ngati pfSense inkalekanitsa WiFi ya alendo ndi makompyuta a akaunti, panopa malire amenewo palibe. Foni ya aliyense wobwera kudzafunsa za malipiro a tsamba lake ili pa netiweki imodzi ndi kompyuta yosunga mayina ndi manambala a kubanki a alimi onse. Zimitsani kaye WiFi ya alendo mpaka firewall ibwerere. Maprinta akasowa, chifukwa chake n'choti rautayo ikugawa manambala a IP osiyana ndi omwe ankagawa pfSense. Sanaonongeke.

Tsopano chinachitika n'chiyani? Upgrade ya pfSense imayenda m'magawo. Choyamba imakoka mafayilo onse pa intaneti n'kuwasunga. Magetsi akathima nthawi imeneyo, kawirikawiri palibe chimaonongeka, mumangoyambiranso. Kenako imaika kernel yatsopano, mtima wa pulogalamu yonse, n'kuzima, n'kuyakanso, ndipo poyakapo ndi pomwe imamasula mapulogalamu ena onse, kuchotsa akale n'kuika atsopano. Inu magetsi anakuthimirani pamenepo. Zili ngati mmisiri wasasula malata akale mbali imodzi ya denga, wakhoma atsopano ochepa, mvula n'kugwa iye akadali pamwamba.

Mawu omwe mukuwaona pa sikirini akutsimikiza zimenezi. pfSense 2.4.5 inamangidwa pa FreeBSD 11.3, yomwe inkagwiritsa ntchito OpenSSL 1.0.2, pulogalamu yobisira uthenga. Fayilo ya libssl.so.111 ndi ya OpenSSL 1.1.1, yomwe inabwera ndi pfSense 2.5.0 mu February 2021. Ndiye kuti pa disiki yanu pali pulogalamu yatsopano yomwe ikufuna fayilo yomwe sinafike. PHP, yomwe imayendetsa tsamba lija komanso kuwerenga config.xml poyatsa makina, nayo ili pakatikati. N'chifukwa chake tsamba silitseguka ndipo intaneti siidutsa.

Koma ine mtima wanga uli kwambiri pa uthenga woyamba uja, Unable to check for updates. Makinawo ankakuuzani kuti pali vuto musanayambe n'komwe, ndipo ngati simulipeza lidzakutsatani ngakhale mutaika zonse mwatsopano.

Yambani ndi wotchi. Mu shell lembani `date` muone zomwe ikuuzeni. Mkati mwa kompyuta iliyonse ya patebulo muli kabatire kozungulira ngati kobiri, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3, komwe kamasunga nthawi makina akazima. Kompyuta yomwe inali kale yakale mu 2020 kabatire kake kayenera kuti kanatha. Kumene magetsi sathimathima vutoli limabisala, poti makina osazima safuna kabatireko. Kwathu kuno limaonekera msanga. Ndikatsegula makompyuta a m'maofesi a ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndimapeza fumbi lagwirana ndi chinyezi pa fani mpaka kuoneka ngati thonje lonyowa, ndipo tizitsulo togwira kabatire tachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha chiperoni. Nthawi zina kabatire kali bwinobwino koma sikakhudza chitsulo. Pukutani tizitsuloto ndi kansalu kouma, muike katsopano, mulowe mu BIOS mukonze deti.

N'chifukwa chiyani wotchi ili nkhani yaikulu chonchi? Firewall ikamakatenga upgrade imalankhula ndi seva kudzera pa HTTPS, ndipo satifiketi ya sevayo ili ndi deti loyambira ndi deti lothera. Makina omwe akuganiza kuti lero ndi chaka cha 2012 amaona satifiketi ya chaka chino ngati yabodza, n'kukana kulankhula. Mungaganize kuti NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti, ikonza yokha nthawiyo, koma pali msampha. Kuti ipeze seva ya nthawi iyenera kufunsa DNS, yomwe imasandutsa mayina a maseva kukhala manambala a IP, ndipo DNS Resolver ya pfSense imabwera DNSSEC, yotsimikiza kuti mayankhowo si abodza, ili yoyatsa. DNSSEC nayo imayang'ana madeti, ndiye wotchi ikasochera kwambiri mayankho a DNS amakanidwa. Nthawi siingakonzeke popanda DNS, DNS siingayende popanda nthawi. Mumadula mkombero umenewu ndi dzanja: `date 202503141030` imaika wotchi pa 14 March 2025, nthawi ya 10:30. Inu ikani deti la tsiku lomwe mukugwira ntchitoyo.

Wotchi ikakhala yolondola, chotsatira ndi masatifiketi akuluakulu omwe makina amakhulupirira. Mndandanda wawo unaikidwa pa disiki pamodzi ndi pulogalamu, ndipo nawo amakalamba. Ya AddTrust External CA Root inatha pa 30 May 2020, ndipo ya DST Root CA X3, yomwe Let's Encrypt inkadalira, inatha pa 30 September 2021. Masiku awiri amenewa anavutitsa makina ambiri akale padziko lonse, makamaka omwe anali ndi OpenSSL 1.0.2 ngati anuwa. Apa ndi pomwe kuchedwa kumapweteka: firewall ikakhala zaka osakhudzidwa, imafika poti njira yomwe ikanadzikonzera nayo yakalamba. Kwa owerenga ena amene ali pa 2.7.0 ndipo ikukana kuona zatsopano, kulemba `certctl rehash` mu shell kwathandiza ambiri, koma zimenezi si za inu achimwene.

Kenako disiki. `df -h` ikuonetsani malo otsala. Ngati mnzathu uja anaika mapukusi owonjezera monga Squid, ntopng, Snort kapena pfBlockerNG, zaka zonsezi akhala akulemba pa disiki, ndipo upgrade yopanda malo okwanira imafera panjira ngakhale magetsi alipo. Onaninso thanzi la disikiyo polemba `smartctl -a /dev/ada0`, ngati lamuloli likugwirabe ntchito. Yang'anani mizere ya Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. Nambala yakumapeto kwa mzere ikakhala yoposa 0, disikiyo yayamba kufa. Imatha kukhala zaka ikuoneka yabwino chifukwa firewall yoyaka kale siiwerenga zambiri pa disiki. Tsiku la upgrade, pomwe mafayilo zikwizikwi akulembedwa, ndi pomwe matendawo amaululika.

Za Branch ndinene mwachidule. Kusinthako pakokha si tchimo, ndi njira yovomerezeka. Choopsa n'kusintha Branch kenako n'kuika kapena kukweza phukusi lililonse musanakweze pfSense yeniyeniyo, chifukwa phukusilo limakoka PHP ndi zina za mtundu watsopano n'kuziika pa maziko akale. Zotsatira zake n'zofanana ndi zomwe muli nazozi, magetsi osathima n'komwe.

Kodi zingakonzeke osaikanso? N'zotheka. Pali pulogalamu yotchedwa pkg-static yomwe siidalira mafayilo osowa aja, poti zonse zofunika zinamangiriridwa mkati mwake. Ngati `ping -c 3 8.8.8.8` ikuyankha kuchokera pa firewall pomwepo, mutha kuyesa `pkg-static update -f`, kenako `pkg-static install -fy pkg pfSense-repo pfSense-upgrade`, n'kumaliza ndi `pfSense-upgrade -d`. Mu /cf/conf mulinso mafayilo oyamba ndi mawu akuti upgrade_log, ndipo mizere yawo yomaliza imaonetsa pomwe ntchito inaimira. Ngati mukufuna kuphunzira, yesani, koma config.xml ili kale pa flashi, ndipo ola limodzi likatha osatheka musiye.

Maganizo anga ndi akuti musataye nthawi pamenepo. Ngakhale zitatheka, mufika pa mtundu womwe nawonso ndi wakale, ndipo muyenera kukwezanso kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse ndi bandulo yake ndi mantha a magetsi. Kuchoka pa 2.4.5 kufika pa 2.7.0 ya mu June 2023 n'kudumpha kuchoka pa FreeBSD 11 kufika pa 14, ndi PHP 7.2 kufika pa 8.2. Pamapeto pake mudzakhala ndi makina omwe simukudziwa kuti ndi mafayilo ati anatsalira osweka, ali pa UFS yomweyo ndi disiki yomweyo. Firewall ndi chinthu chomwe ofesi yonse imaikirapo chikhulupiriro. Sindingafune kuti muziidalira mukukaikira.

Ndiye ikani mwatsopano, ndipo malangizo anga aakulu ndi awa: musaike pa disiki yakaleyo. Gulani SSD yaing'ono, ngakhale yotsika mtengo kwambiri, poti pfSense imafuna malo osachepera 8 GB basi, ndi RAM yosachepera 1 GB. Chotsani disiki yakale, muilembe ndi maka kuti firewall yakale, muisunge mu kabati. Chilichonse chikasokonekera, kapena mukazindikira patatha sabata kuti pali fayilo ina yomwe munaiwala, zonse zikadali momwemo. Ngati ndalama ya SSD palibiretu ndipo smartctl yati disiki ili bwino, ikani pomwepo, koma muli ndi makope awiri a config.xml m'malo awiri osiyana. Pulogalamu yoikira nayo ili ndi mwayi wokatenga config.xml pa disiki yakale isanaifafanize, koma umenewo ukhale wowonjezera chabe, osati chodalira chanu.

Za kompyutayo musadandaule. Poti inkayenda ndi 2.4.5 ndiye kuti ndi ya 64-bit, chifukwa pfSense inasiya makina a 32-bit pomwe 2.4 inatuluka mu October 2017. Amene akadali pa 2.3 ndi makina a 32-bit, kapena a kakhadi ka CompactFlash, ayenera kupeza makina ena, palibe njira ina.

Pulogalamu yoikira muitenge pa tsamba la pfSense kapena la Netgate, kampani yomwe imaipanga, basi, osati pa flashi ya mnzanu yosadziwika komwe inachokera. Ngati tsambalo lapereka nambala ya SHA256, yerekezani ndi fayilo yomwe mwakoka, chifukwa netiweki ikamadukaduka fayilo imatha kufika yopunduka. Lembani pa flashi ina ndi Rufus kapena balenaEtcher, osati ija ya config.xml, poti kulembako kumafafaniza zonse. Dziwani kuti pulogalamu yoikira yatsopano ya Netgate imakoka mafayilo pa intaneti nthawi yoika yomweyo. Ndiye firewall iyenera kukhala ndi intaneti musanayambe: lumikizani khomo lake la WAN, lolowera intaneti, ku rauta ija, ndipo muonetsetse kuti bandulo ndi yokwanira. Ikakufunsani za disiki, sankhani ZFS. Kuyambira pa 2.6.0 ya mu 2022 ndi yomwe imasankhidwa poyamba, ndipo chifukwa chake chikutikhudza ife kwambiri. ZFS siilemba pamwamba pa zakale. Imalemba zatsopano pena, zikatha ndi pomwe imalozako, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi disiki siisokonekera ngati mmene UFS imachitira.

Musanazule chingwe chilichonse, tengani tepi ya pepala mulembe WAN ndi LAN (khomo lopita ku netiweki ya mu ofesi), mumate pa zingwe ndi pa makomo ake kumbuyo kwa kompyuta, mujambulenso ndi foni. Mu config.xml fufuzani mawu akuti wan ndi lan muone mayina a makhadi: em0 kapena igb0 ndi a Intel, re0 ndi a Realtek. Poti kompyuta ndi yomweyo mayinawa sayenera kusintha, koma akasiyana pfSense imaima poyaka n'kufunsa kuti WAN ndi iti, ndipo munthu wosakonzeka amangoganiza kuti zalepherekanso. Kusinthanitsa zingwe ziwirizi ndi kulakwitsa kofala kwambiri pa tsiku lotere.

Ikatha kuika, lumikizani laputopu ku LAN, tsegulani 192.168.1.1, mulowe, mupite ku Diagnostics kenako Backup & Restore, musankhe fayilo yanu ija. pfSense yatsopano imalandira config.xml yakale n'kuisintha yokha kuti igwirizane nayo. Mobwerera m'mbuyo sizitheka, fayilo ya mtundu watsopano siilowa mu wakale, n'chifukwa chakenso ndinati musunge makope a Lachisanu lisanafike. Makina azima n'kuyakanso, ndipo kuyambira pamenepo adilesi ndi pasiwedi ndi zakale zija. Kenako ayamba kukoka mapukusi omwe munali nawo. Pa intaneti yathuyi zimatenga nthawi. Asiyeni amalize, musazimitse.

Pali zinthu zomwe zingakane ngakhale mwachita zonse bwino, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Mu 2.7.0 anachotsa njira zakale zobisira uthenga pa VPN ya IPsec, monga 3DES, Blowfish ndi MD5. Ngati muli ndi VPN yolumikiza ofesi yanu ndi ina, tinene ku Blantyre kapena ku Luchenza, ndipo inkagwiritsa ntchito zimenezo, siidzuka mpaka mbali zonse ziwiri zisinthe kupita ku AES ndi SHA256. Aimbireni foni anzanuwo tsiku lisanafike. Kuyambira pa 2.7.1 kuli OpenSSL 3, yomwe imakana masatifiketi ofooka osainidwa ndi MD5 kapena SHA1, ndiye a OpenVPN akale mwina afunika kupangidwanso. Squid nayo a Netgate analengeza mu 2023 kuti akuisiya chifukwa cha mabowo a chitetezo omwe sankatsekedwa. Ngati inalipo, uwu ndi mwayi woichotsa. Masiku ano pafupifupi masamba onse ali pa HTTPS, ndiye phindu lake losunga bandulo linachepa kale. Mukaona uthenga wonena kuti ISC DHCP yakalamba musinthire ku Kea, musathamange tsiku lomwelo. Vuto limodzi panthawi.

Wina akuuzani kuti ingosamukirani ku OPNsense, yomwe inapatuka ku pfSense mu 2015 ndipo imatulutsa mtundu waukulu kawiri pa chaka, mu January ndi mu July. Ndi pulogalamu yabwino, ndilibe nayo mlandu. Koma config.xml yanu siingalowe mmenemo bwinobwino, mungafunike kulemba malamulo onse ndi manja. Nkhani imeneyo muiganizire ofesi ikuyenda, osati sabata ino.

Nanga config.xml ikapezeka kuti yapita, pamodzi ndi makope ake? Si mapeto a dziko, koma ndi ntchito. Imbirani kampani ya intaneti ikupatseni dzina ndi pasiwedi ya PPPoE kapena manambala a IP okhazikika. Yendani ofesi yonse mulembe IP ya printa iliyonse, ya makamera ndi ya seva ya akaunti. Kenako muyambe ndi malamulo ochepa, muziwonjezera munthu akadandaula kuti chakuti sichikutseguka.

Tibwere ku magetsi, poti ndiwo anakugwetsani. UPS yomwe siisunga moto ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imapatsa munthu mtima woti ndi wotetezeka. Nthawi zambiri UPS yeniyeniyo ili bwino, chatha ndi batire la mkati. Zing'onozing'ono zambiri zimakhala ndi batire la 12V 7Ah, lomwe limatha pakapita zaka zochepa, msanga kwambiri kumene magetsi amathimathima. Tsegulani muone zolembedwa pa batirelo, mukagule lofanana nalo. Mukaika, liyeseni: lumikizani firewall ndi rauta zokha, litchajeni usiku wonse, kenako muzule pulagi kukhoma muwerenge mphindi. Printa ya laser isalumikizidwe ku UPS, imamwa moto wambiri. Ngati ofesi ili ndi sola ndi inveta, kapena jenereta, ntchito yoikayi muichite mukudalira zimenezo. Mu BIOS muyatsenso mwayi woti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera.

Nyengo ya mvula ili ndi vuto lake. Pansi pa phiri la Mulanje mphenzi si nkhani yachilendo, ndipo ngati intaneti yanu imabwera ndi kadishi kapena wailesi ya padenga, chingwe chotsika kuchokera kumeneko chimatha kubweretsa moto mpaka pa khadi la WAN. Khadi lopsa pang'ono limayakabe getsi koma limataya uthenga, ndipo zimenezi zimaonongetsa mafayilo okokedwa. Pa tsamba la Status kenako Interfaces pali mzere wowerenga zolakwika. Ukamakwera, sinthani chingwe kaye, kenako khadi.

Tsiku lochitira ntchitoyi lisakhale Lachisanu masana, komanso lisakhale kumapeto kwa mwezi pomwe a akaunti akuwerengera malipiro a alimi. Sankhani m'mawa pakati pa sabata, kampani ya intaneti ili yotsegula, ndipo muwauziretu abwana ndi anzanu kuti intaneti iduka maola angapo. Popempha ndalama kwa abwana, tchulani zinthu zitatu: SSD, batire la UPS ndi kabatire ka CR2032. Akazengereza, akumbutseni kuti ofesi ikusunga mayina, manambala a foni ndi a kubanki a anthu, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza zinthu zotere la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA.

Firewall ikadzuka ntchito siinathe, chifukwa config.xml yabweza zabwino ndi zoipa zomwe. Pitani ku System kenako User Manager muone mayina omwe alipo. Munthu yemwe anachoka zaka zapitazo sayenera kukhala ndi akaunti, ngakhale anali wokhulupirika chotani, chifukwa simukudziwa komwe laputopu yake inathera. Sinthani pasiwedi ya admin. Ngati anali ndi satifiketi ya VPN, ithetseni. Kenako tsegulani Firewall, Rules, WAN, muwerenge mzere ndi mzere. Amisiri ambiri amatsegula khomo la 443 kapena la 22 ku WAN kuti azikonza zinthu ali kunyumba, ndipo amaiwala kutseka pochoka. Onaninso NAT, makamaka khomo la 3389 la Remote Desktop ndi la makamera. Ngati tsamba loyendetsera firewall linali lotseguka kunja zaka zonsezi pa pulogalamu ya 2020, musinthe mapasiwedi onse omwe ali mu fayiloyo, kuphatikizapo a WiFi ndi makiyi a VPN. Lamulo lomwe simukudziwa ntchito yake lizimitseni kaye osalifafaniza, mudikire sabata muone ngati wina adandaule.

Mukamaliza kuyeretsako, tengani bakapu yatsopano pa Backup & Restore, muiike pasiwedi pogwiritsa ntchito mwayi wa Encryption womwe uli pomwepo. Yatsaninso AutoConfigBackup pansi pa Services, yomwe ndi yaulere ndipo imatumiza kope lobisidwa kwa Netgate nthawi iliyonse mwasintha kanthu. Lembani pa pepala Device Key yake ndi pasiwedi yomwe mwaika, chifukwa popanda ziwirizi kopelo simungalitengenso, ndipo pepalalo likhale mu envulopu kwa abwana, osati m'mutu mwanu mokha. Kuyambira pamenepo muziyang'ana tsamba la Update kamodzi pa mwezi. Upgrade ikabwera, werengani zomwe yasintha, tengani bakapu, chotsani kaye mapukusi akuluakulu ngati pfBlockerNG, zimitsani n'kuyatsa makina kamodzi kuti muone ngati akudzuka bwino, kenako muiyendetse pa nambala 13 ya menyu, muli pa sikirini ya firewall yomwe, kuti ikaima muone mzere womwe yaimira.